Madzi saiwala khwawa: mawu kwa ofuna puloti m'mbali mwa Lingadzi

Aliyense amene ali ndi kandalama masiku ano akufuna malo. Mphunzitsi amene wapuma pa ntchito akufuna malo. Mnyamata wa ku Thazima kapena ku Bolero amene akugwira ntchito ku Johannesburg akutumiza marandi kwa mlongo wake kuti amupezere puloti. Abale athu amene abwerako kunja patatha zaka makumi awiri, asanamasule n'komwe masutikesi, ayamba kale kufunsa kumene kukugulitsidwa malo mu Lilongwe. Palibe angawadzudzule. Boma lidachepetsa mphamvu ya kwacha ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenaka ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo aliyense adaona yekha kuti ndalama yosunga ku banki imasungunuka ngati mchere m'madzi pomwe dothi silisungunuka.

Koma Amalawi anzanga, dothi lina limakokoloka.

Amene akusaka malo mu likulu lathu posachedwa amatengeredwa kuzambwe kwa mzindawu, ku madera amene mtsinje wa Lingadzi umadutsa: Area 47, Area 49, Mtandire, Mtsiriza ndi midzi ya kutsogolo kwake imene dzana inali minda ya chimanga. Kunena zoona, derali lili ndi zokopa. Bwalo la zamasewera la Bingu lidatsegulidwa chakonko mu Januwale 2017, sitolo zikuluzikulu za ku Gateway zili pafupi, maminibasi ndi akabaza sasowa, ndipo ku City Centre si kutali. Kumtsinje kumawomba kamphepo kayaziyazi m'mwezi wa Okutobala, ndiwo zamasamba za kudimba sizidula, mchenga womangira uli pakhomo. Chokoma kuposa zonse kwa wogula n'chakuti mtengo wa puloti umanka nutsika pamene mukutsetserekera kumadzi.

Mfundo yanga ndi imodzi. Puloti ya kumtsinje ili ndi eni ake atatu oyenera kuwafunsa musanatulutse ngakhale tambala: wogulitsa, boma, ndi mtsinjewo. Ambiri timafunsa woyamba yekhayo, amene ali ndi chifukwa chotinamiza.

Mtsinje udalipo mzinda usanabwere

Pamene boma la Kamuzu Banda linkakonza zosamutsa likulu kuchoka ku Zomba, lidakhazikitsa bungwe la Capital City Development Corporation mu 1968, ndipo mapulani a mzinda adajambulidwa ndi thandizo la dziko la South Africa. Likulu lidasamuka mu 1975. Tinganene zambiri zoipa za nthawi imeneyo, koma ojambula mapu aja adaopa madzi. Zigwa za mitsinje ndi madambo adazisiya kuti zikhale za mitengo ndi udzu. Nkhalango imene ili pakati pa Old Town ndi City Centre, momwe Lingadzi yemweyo amadutsa, ndi chotsalira cha maganizo amenewo.

Chimene mapu aja sadakonzekere ndi khamu la anthu. Kalembera wa 1966 adapeza anthu osakwana 20,000 mu Lilongwe. Wa 1998 adapeza 440,471. Wa 2018 adapeza 989,318. Anthu onsewa amafuna pogona, ndipo mapuloti ovomerezeka sadachulukane molingana nawo. Malo a kumtunda atatha kapena atadula, anthu adatsikira kudambo. Osauka ndiwo adayamba ndi tinyumba ta zidina, olemera adatsatira ndi mipanda ya njerwa yofika mpaka m'mabango.

Dambo lili ndi ntchito yake. Mvula ikagwa yambiri, dambo limamwa madzi n'kumawatulutsa pang'onopang'ono, ndipo mtsinje ukadzaza umapumira m'menemo. Tsono lero denga lililonse la malata, bwalo lililonse la simenti, msewu uliwonse watala, zonsezi zimakana madzi kulowa pansi n'kuwathamangitsira kumtsinje nthawi imodzi. Akafika kumeneko apeza gombe lidagumulidwa ndi okumba mchenga ndi oumba njerwa, mitengo idapita ku mauvuni, pansi pa milatho padatsekeka ndi majumbo ndi zinyalala. Mvula yomweyo imene kale inkangodzaza mtsinje, lero ikulowa m'nyumba. Apa wogula amvetse bwino: puloti imene sidafikidwepo ndi madzi zaka makumi atatu zapitazi ingathe kumira chaka chamawa, chifukwa chakumtunda kwake kukumangidwa nyumba zatsopano tsiku ndi tsiku.

Izi si nthano. Mu Febuluwale 2017 Lingadzi adasefukira m'mawa anthu akupita ku ntchito ndi ku sukulu. Ku Mtandire nyumba zidagwa, anthu adafa, ndipo ena adachita kupulumutsidwa ndi helikopita ya asilikali. Madziwo sadasankhe: adalowanso m'mipanda ya mabwana a ku Area 47 ndi Area 49. Mu Disembala chaka chomwecho tsoka lidagwera mbali ina ya mzinda, ku Kawale, Kaliyeka ndi Chipasula, komwe timitsinje timene anthu amalumpha m'chilimwe tidatenga miyoyo. A kumpoto akumbukira mvula ya mu Epulo 2016 imene idagwetsa nyumba mu Mzuzu, makamaka m'madera a m'madambo ndi m'zitsetse. A ku Blantyre safuna kukumbutsidwa za namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, pamene matope ndi miyala zidatsika m'phiri la Soche n'kukwirira mabanja ku Chilobwe. Dziko lonse lidataya anthu oposa 600 amene mitembo yawo idapezeka, mazana ena osaoneka mpaka lero, ndipo oposa theka la miliyoni adasowa pokhala.

Zimene wogulitsa sanena

Kusefukira kwa madzi kumabwera mwa apo ndi apo, ndiye wina atha kunena kuti adzapirira. Koma moyo wa kumtsinje uli ndi msonkho wake wa chaka ndi chaka umene sulembedwa pa pepala logulitsirana.

Choyamba ndi chimbudzi. Madera ambiri atsopano alibe mapaipi a suweji, choncho nyumba iliyonse imadalira chimbudzi chokumba kapena thanki ya pansi. Kudambo madzi a pansi amakhala pafupi. M'dzinja dzenje limadzaza lokha, zoipa zimayandama, ndipo chitsime chimene mwakumba kuseri kwa nyumba chimamwa madzi omwewo pamodzi ndi zimbudzi za anansi anu onse akumtunda. Mliri wa kolera umene udayamba mu Malichi 2022 udapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo Lilongwe adali m'gulu la maboma okhudzidwa kwambiri, mpaka sukulu za mu mzindawu zidachedwa kutsegulidwa mu Januwale 2023. Kolera amayenda ndi madzi, ndipo madzi amatsikira kwa amene ali kumunsi.

Chachiwiri ndi nyumba yeniyeniyo. Dothi lakuda la kudambo limafufuma likanyowa, limang'ambika likauma. Nyumba yomangidwa pamenepo ndi maziko wamba imayamba ming'alu isanathe zaka zingapo, chinyontho chimakwera m'zipupa, penti amasupuka, zovala zimachita nkhungu m'kabati. Kuti mumange yolimba muyenera kukumba mozama, kuthira miyala, kuika zitsulo, kukweza pansi pa nyumba. Ndalama imene mudapulumutsa pogula puloti yotchipa idzathera m'simenti imene palibe adzaione.

Chachitatu ndi udzudzu wa m'zithaphwi, ndi ndalama za kuchipatala. Chachinayi ndi msewu. M'chilimwe galimoto imafika pakhomo. Mu Febuluwale mumaisiya kumtunda kwa anzanu n'kuvula nsapato. Funsani kumene ana anu azidzawolokera popita ku sukulu, chifukwa timilatho tambiri ta m'madera amenewa ndi ta mitengo, tomangidwa ndi anyamata amene amalipiritsa wodutsa.

N'chifukwa chake madobadoba amakonda kuonetsa malo kuyambira Juni mpaka Okutobala, udzu utapsa, mtsinje utasanduka kamfuleni. Malo a kumtsinje amaonedwa mu Januwale kapena Febuluwale, tsiku lotsatira mvula yamphamvu, mutavala majombo. Ngati simungadikire dzinja, mtsinje umasiya umboni. Yang'anani majumbo ndi zinyalala zokodwa m'nthambi za mitengo: pamene zalekezera m'pamene madzi adafika. Yang'anani mzere wa matope pa mipanda ya anansi. Pamene pamera mabango, nsenjere kapena pali mchenga wosalala pakati pa munda, dziwani kuti madzi amagonapo. Ndipo musafunse mwini malo kapena mnzake. Funsani amayi amene amachapa kumtsinjeko ndi agogo amene adalima dimba pamenepo kuyambira kale. Safunsa adadya phula.

Kapepala ka amfumu

Tsono tibwere kwa mwini wachiwiri, boma. Apa m'pamene abale athu ochokera kunja amalira kwambiri, chifukwa amabwera ndi ndalama m'manja, masiku ochepa a tchuthi, ndi chikhulupiriro chakuti chidindo chilichonse ndi lamulo.

M'kati mwa malire a mzinda wa Lilongwe, malo ambiri ali m'manja mwa Unduna wa za Malo, khonsolo ya mzinda, kapena bungwe la nyumba la Malawi Housing Corporation. Amene timawatcha mafumu a m'tauni ndi atsogoleri a m'midadada amathandiza pa maliro ndi pa milandu ya anansi, ndipo tiwalemekeze pa zimenezo, koma lamulo silidawapatse mphamvu yogawa kapena kugulitsa malo a mzinda. Kapepala kolembedwa pamanja kuti "ine uje ndagulitsa malo anga kwa uje", kokhala ndi chidindo cha amfumu ndi mboni ziwiri, kamangotsimikiza kuti mudapereka ndalama. Sikatsimikiza kuti malowo ndi anu. Ku banki sakakulandirani nako ngati chikole, ndipo tsiku limene kudzatulukire munthu wina ndi chikalata cha lizi, kapena khonsolo ndi chigalimoto chogumulira, kadzakhala kokulungira mtedza.

Kunja kwa malire a mzinda, kumene midzi ikusanduka matauni, nkhani ndi ya malo a makolo. Malamulo atsopano a malo amene Nyumba ya Malamulo idavomereza mu 2016, n'kuwakonzanso mu 2022, adaika njira yolembetsera malo oterewa kudzera m'makomiti a malo. Kumeneko ngozi ndi ya banja: amalume agulitsa munda, chaka chamawa adzukulu akubwera kudzati mundawo ndi wa mbumba ndipo iwo sadafunsidwe. Puloti imodzi kugulitsidwa kwa anthu atatu si nkhani yachilendo m'makhoti athu.

Ndipo pali mzere wina umene ngakhale mwini weniweni sangakugulitseni. Malamulo a za madzi, a zachilengedwe ndi a mapulani a mizinda amafuna kuti pakati pa mtsinje ndi nyumba pakhale mpata wosamangapo. Wogulitsa akakuuzani kuti "malire anu ndi madziwo", dziwani kuti gawo lina la ndalama zanu mwagulira malo amene simudzaloledwa kumangapo, ndipo mukamanga mwamanga mophwanya lamulo.

Njira yake ndi yotopetsa koma ndi yodziwika. Funsani nambala ya puloti ndi chikalata chake, mupite nokha ku ofesi ya kaundula wa malo mukafufuze dzina limene lidalembedwa ndiponso ngati malowo sadaperekedwe chikole ku banki. Pitani ku nthambi ya mapulani ku khonsolo mukaone ngati pamalopo padalembedwa kuti ndi pa nyumba, osati msewu, sukulu, manda kapena mpata wa mtsinje. Lembani saveya wovomerezeka akuonetseni zikhomo za malire, osati mulu wa miyala kapena mtengo wa mango. Funsani ngati msonkho wa malo ndi wa khonsolo udalipiridwa, chifukwa ngongoleyo imatsata malo. Ndalama iperekedwe kudzera ku banki, pamaso pa loya, osati m'chikwama pansi pa mtengo. Amene mudatenga unzika wa dziko lina, yambani mwakonza za unzika wanu kuno; lamulo lolola unzika wa maiko awiri lidavomerezedwa mu 2018, koma malamulo a malo amasiyanitsa nzika ndi mlendo. Ndipo wogulitsa akati "fulumirani, pali wina akubwera ndi ndalama madzulo ano", musiyeni winayo agule. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Nanga osauka apite kuti?

Ndikudziwa chimene ena anene powerenga izi. Adzati: wolemba iwe, malangizo akowa ndi a anthu okhuta. Mlonda amene amalandira ndalama yosakwana thumba la feteleza, mayi wogulitsa tomato amene watopa ndi alandilodi okweza lendi chaka chilichonse, loya amupeza kuti? Kudikira puloti ya boma ndi kudikira mpaka imvi. Kudambo n'kokhako kumene angakwanitse.

Mawu amenewa ndi oona, ndipo mlandu wake sugwera osauka. Munthu samanga m'njira ya madzi chifukwa chokonda kusambira. Amamanga chifukwa amene adapatsidwa udindo wotsegula malo atsopano, kulambula misewu ndi kukoka mapaipi a madzi anthu asanafike, adagona. Koma kuona kwa mawuwa sikusintha khalidwe la mtsinje. Wosauka ndiye amataya zambiri madzi akabwera, chifukwa nyumba yake ya zidina imasungunuka usiku umodzi, alibe inshuwalansi, alibe kwina kothawira koposa kalasi ya pasukulu ndi thumba la ufa la a zachifundo. Ngati ndalama yanu ikukwana kudambo kokha, kuli bwino kapuloti kakang'ono kumtunda, kutali ndi tauni, kusiyana ndi bwalo lalikulu limene mudzaligawana ndi Lingadzi.

Ndipo kwa inu okhuta, amene mungathe kuthira magalimoto makumi asanu a dothi ndi kumanga chimpanda chotchinga madzi: madzi amene mwawakana pakhomo panu sabwerera kumwamba. Amapita kwa mnansi wa tsidya lina amene alibe mpanda. Mpanda uliwonse wolowa mu mtsinje umapanikiza madzi, amathamanga kwambiri, amagumula gombe la kumunsi. Kumanga motero ndi kutaya tsoka lako pakhomo pa mnzako.

Amene tiyenera kuwafunsa mafunso

Dziko lino lili ndi chizolowezi chopanga malamulo maliro atachitika. Napolo wa ku Phalombe mu Malichi 1991 ndiye adabala lamulo loyamba la za ngozi zogwa mwadzidzidzi chaka chomwecho. Freddy ndiye adafulumizitsa lamulo latsopano la 2023. Mapepala tili nawo okwanira. Chimene chikusowa ndi munthu woima pa gombe n'kunena kuti pano ayi, kwa wolemera ndi wosauka mofanana.

Nyumba ya zipinda zisanu simera ngati bowa usiku umodzi. Imatenga miyezi, magalimoto a njerwa akudutsa masana dzuwa likuswa mtengo. Wina adasaina pulani, kapena wina adayang'ana kumbali, ndipo tonse tikudziwa chimene chimatembenuza khosi la munthu wa mu ofesi. Kenaka madzi akabwera timaona akuluakulu atavala majombo atsopano, akugawa mabulangete pamaso pa makamera, akulangiza anthu kuti asamukire kumtunda. Kumtunda kwake kuti? Malowo adawakonza liti?

Ife okhala m'tauni timalipira msonkho ndipo timavotera makhansala. Tili ndi ufulu wofunsa zinthu zitatu zosafuna ndalama za maiko akunja. Khonsolo ipachike poyera, pa ofesi iliyonse ya wadi, mapu oonetsa pamene madzi adafika mu 2017 ndi pamene sipaloledwa kumanga, kuti wogula aliyense adzionere yekha. Iike zikhomo zooneka m'mbali mwa Lingadzi, Lilongwe ndi timitsinje tonse, monga a misewu amachitira. Ndipo ikayamba kugumula, iyambire pa mipanda ya njerwa ya anthu odziwika isanafike pa zisakasa, pamodzi ndi kutchula maina a amene adavomereza mapulaniwo. A ku Mzuzu afunse zomwezo za Lunyangwa, a ku Blantyre za Mudi ndi Nasolo, ndipo matauni amene akukula kumene monga Rumphi ndi Karonga aphunzirepo madambo awo asanathe.

Sindikunena kuti kumadzulo kwa Lilongwe kusagulidwe malo. Kuli mapuloti abwino, okwera, a mapepala oyera, kumene munthu angalere ana ake akumva kamphepo ka kumtsinje popanda kugona khutu lili kunja mvula ikamagwa. Amenewo ndi odula, ndipo kudula kwake kuli ndi chifukwa. Kusiyana kwa puloti yotere ndi inzake yotchipa nthawi zina ndi mayadi makumi angapo chabe ndi chitunda chofika m'chiuno.

Inu amene mwakhetsa thukuta zaka zambiri ku Joni, ku Harare, ku London kapena ku Dublin, ndalama imeneyo simudzaipezanso kawiri. Musatume munthu pa foni kuti akugulireni malo amene mwangowaona pa chithunzi cha WhatsApp chojambulidwa mu Ogasiti. Bwerani m'dzinja, pondani matopewo ndi mapazi anu, kafufuzeni ku kaundula, kenaka mugule. Wakutsina khutu ndi mnansi.